Tsiku la Munthu wa Paulendo: Mmene Makolo Athu Ankayendera Pansi Kupita ku Harare



Nyengo yotentha ikafika kuno ku Barking, makolo ambiri a m'bungwe lathu amakhala pa kalikiliki wogula zikwama zikuluzikulu zoberekera kumsana, matenti, nsapato zolimba ndi timbaula ta gasi. Ana athu a kusekondale amakhala akukonzekera maulendo a Duke of Edinburgh's Award, pologalamu ya achinyamata imene inayamba m'dziko muno m'chaka cha 1956. Iwo amene afika pa gawo lapamwamba, lotchedwa Gold, amayenda pansi masiku anayi ndi kugona kutchire usiku utatu, atasenza okha chakudya ndi pogona pawo. Timawaperekeza m'mamawa pa siteshoni ya Barking, ndipo pobwerako timawalandira akutsimphina ndi matuza kumapazi, akusimba za mvula imene inawanyowetsa ndi mapiri amene anakwera.

Tsiku lina titatha msonkhano wa bungwe, mtsikana wina amene anali atangobwera ku ulendo wotere anafunsa amayi ake pamaso pa tonse kuti, "Amayi, kodi kumudzi anthu amayendako maulendo ngati amenewa, kapena ndi zachizungu basi?" Akuluakulu tinaseka, koma funsolo linatilasa mumtima, chifukwa linaonetsa kuti mbiri ya agogo ake sitinamuuze.

Ambiri a ife ndife zidzukulu za anthu amene anayenda pansi kuchoka ku Dedza, Ntcheu, Kasungu, Mzimba kapena Nkhata Bay mpaka ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, ndipo ena anapitirira mpaka ku migodi ya ku Johannesburg. Iwo ankati akupita ku Halale kapena ku Joni. Njira yotchuka ya anthu oyenda pansi kuno ku England, yotchedwa Pennine Way, ndi yotalika makilomita 431, ndipo anthu okonzeka bwino amaimaliza m'milungu iwiri ndi theka kapena itatu. Kuchoka ku Blantyre kukafika ku Harare kudzera ku Tete ndi makilomita oposa 600, pamene wochokera ku Nkhata Bay ankayenda makilomita oposa 1,000. M'nkhani ino tifuna kulongosola tsiku limodzi la ulendo wotero, kuyambira mbandakucha mpaka pogona, monga mmene akuluakulu ankatisimbira ndiponso monga olemba mbiri analembera.

Chimene chinkawanyamutsa

Boma la Britain litayamba kulamulira dziko lathu mu 1891, linakhazikitsa msonkho wa nyumba, ndipo posakhalitsa munthu aliyense anayamba kufuna ndalama zimene m'midzi munalibe. Ntchito za m'minda ya azungu ku Blantyre, Zomba, Thyolo ndi Mulanje zinali za malipiro ochepa, ndipo okhala pa malo a azunguwo ankagwira thangata. Kutsidya kwa Zambezi kunali migodi ya golide monga Shamva, Cam and Motor ndi Globe and Phoenix, mgodi wa malasha wa Wankie, ndi mafamu a fodya, kumene malipiro ankaposa a kwathu. Kummwera kwa Limpopo ankaposanso apo. Mnyamata wofuna kulipira msonkho, kuveka amayi ake nsalu, kugula njinga kapena kupeza ng'ombe zolowolera, ankayang'ana kummwera.

Njira zopitira zinali ziwiri. Munthu ankatha kulembetsa kwa makampani olemba anthu ntchito, monga Wenela ya migodi ya ku South Africa kapena Rhodesian Native Labour Bureau, amene ankamusankhira kokagwira ntchito. Ntchito ya kontalakiti yotere ku Rhodesia ankaitcha chibaro, ndipo dzina limeneli ndilo mutu wa buku la Charles van Onselen la mu 1976 lofotokoza moyo wa m'migodi ya dzikolo. Ambiri ankakana njira imeneyi n'kupita paokha, kumene pambuyo pake kunatchedwa kupita pa selefu, kuti akasankhe okha bwana. Mu 1913 boma la South Africa linaletsa migodi kulemba anthu ochokera m'mayiko otentha a kumpoto, kuphatikizapo kwathu, chifukwa ambiri ankafa ndi chibayo. Lamulolo linakhalapo mpaka m'zaka za m'ma 1930, koma anthu sanasiye kupita. Ankangoyenda mozemba.

Njanji yochokera ku Beira inafika m'mbali mwa Zambezi mu 1922, ndipo mlatho wa sitima wa Dona Ana unatsegulidwa mu 1935, koma tikiti inkafuna ndalama zomwezo zimene munthu ankapita kukasaka. Komiti imene bwanamkubwa wa Nyasaland anakhazikitsa mu 1935, yotsogozedwa ndi Travers Lacey, inayerekeza kuti amuna pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko. Ochuluka mwa iwo anapita pansi. Amayi enanso anayenda njira yomweyo, ena potsata amuna awo, ena paokha, ngakhale kuti anali ochepa poyerekeza ndi amuna.

Kamba ndi phukusi

Anthu ambiri ankanyamuka atakolola, kuyambira mu Meyi, pamene mitsinje yayamba kuphwa ndipo m'nkhokwe muli chimanga. Amayi ndi alongo ankatha masiku akusinja ufa wa kamba. M'thumba munkalowanso chimanga chokazinga, mtedza, makaka, mchere pang'ono, ndi usipa wouma kwa ochokera kunyanja. M'phukusi munkakhala bulangete kapena nsalu yofunda ndi kamkeka kogonapo. M'manja munali nkhwangwa, chibonga kapena mkondo, ndipo paphewa pankalendewera chipanda cha madzi. Chitupa cha msonkho ankachikulunga bwino kuti chisanyowe. Ena ankanyamula fodya wopota, amene panjira ankagwira ntchito ya ndalama. Wina ankamanga chithumwa m'chiuno, wina ankaika Baibulo kapena buku la nyimbo m'phukusi, ndipo analipo ambiri amene ankanyamula zonse ziwiri.

Ana athu amalangizidwa kuti chikwama chisapose gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwa thupi lawo. Makolo athu anaphunzira za kulemera kwa katundu pamutu pawo. Amtengatenga a kampani ya Mandala ndi a boma ankasenza mitolo ya makilogalamu 25 kapena kuposerapo, atatsamiritsa pa nkhata. Pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, imene kwathu inatchedwa nkhondo ya Chiwaya, anthu a ku Nyasaland pafupifupi 200,000 anatengedwa kukasenza katundu wa asilikali. Motero amuna ambiri amene anapita ku Halale m'zaka za m'ma 1920 anali atadziwa kale kuti mtolo umene umapepuka pakhomo umalemera tsiku lachitatu, ndipo sankanyamula chinthu chopanda ntchito.

Palibe ankanyamuka yekha ngati akanatha kupeza anzake. Kuyenda awiri si mantha, ankatero akuluakulu. Amuna a mudzi umodzi kapena a midzi yoyandikana ankapangana tsiku, n'kusankha mkulu wa ulendo pakati pa amene anapitako kale. Iyeyu ankadziwa zigono, malo a madzi, mafumu a mtima wabwino ndi mabwalo oyenera kuwalambalala, ndipo ankamvako Chinyungwe cha ku Tete ndi Chishona. Mphika ndi mthiko zinali za gulu lonse, ndipo ankasinthana pozinyamula. Asananyamuke ankatsazika kwa mfumu, ndipo m'mabanja ambiri mkulu wa pakhomo ankathira nsembe ya ufa kupempha mizimu kuti iyeretse njira.

Kulawira

Tsiku la paulendo linkayamba nthanda itatuluka, tambala asanalire kachiwiri. Mkulu wa ulendo ankadzutsa anthu, aliyense n'kukulunga mkeka wake mumdima. Chakudya cha m'mawa chinali mkute wa dzulo ngati unatsala, apo ayi chimanga chokazinga chodyera m'njira. Ankalawira chotero pofuna kudya mtunda dzuwa lisanakwere, chifukwa maola a m'mawa ndiwo anali ndi mphamvu.

Ankayenda mondondozana m'tinjira ta miyendo. Wodziwa njira ankatsogola, anyamata oyenda koyamba ndi ofooka ankakhala pakati, ndipo mwamuna wamphamvu wa mkondo ankatsalira kumbuyo kuti wina asatsale osaoneka. Pa mphambano, wotsogola ankatseka njira yosayenera poikapo nthambi kapena kulemba mzere pansi ndi ndodo, kuti otsalira asasokere. Liwiro la gulu linali liwiro la munthu wotopa kuposa onse. Gulu loyenda bwino linkatha makilomita 25 kapena 30 patsiku, kotero kuti wochokera kufupi ndi malire a Tete ankatha milungu itatu kapena inayi panjira, ndipo wochokera kumpoto ankatha mwezi ndi theka kapena kuposa.

Njira zikuluzikulu zinali ziwiri. Ochokera kummwera ndi ku Dedza ndi Ntcheu ankatsikira m'dziko la Apwitikizi kulunjika ku Tete, kenako ku Mutoko ndi Salisbury. Ambiri ochokera ku Kasungu, Mzimba ndi kunyanja ankadzera ku Fort Jameson, kumene lero ndi Chipata, n'kutsikira ku Feira, pamene Luangwa amathira mu Zambezi, ndipo atawoloka ankakwera mapiri kulowa m'dziko la Ashona. Mapazi ambiri anali opanda nsapato. Ming'alu ya kuzidendene, minga ndi matekenya zinali zowawa za tsiku ndi tsiku, ndipo munthu wanzeru ankasamala mapazi ake kuposa mimba yake.

Dzuwa la m'chigwa

Munthu wobadwira ku mapiri ozizira a Dedza kapena Mzimba ankadabwa akatsikira m'chigwa cha Zambezi. Tete ndi umodzi wa mizinda yotentha kwambiri m'chigawo chathu cha Africa, ndipo mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40. Nkhalango za tsanya zimayoyola masamba m'chilimwe, motero mthunzi umasowa. Dzuwa likafika paliwombo, gulu linkafuna tsinde la mlambe kapena la bwemba n'kugona pamenepo mpaka dzuwa litapendeka. M'malo ena otentha kwambiri ankasintha dongosolo lonse, kuyenda usiku kukakhala mwezi ndi kugona masana.

Nkhawa yaikulu inali madzi. Mitsinje yambiri ya m'chigwa imasanduka mchenga wokhawokha, ndipo anthu ankafukula mchengawo ndi manja kapena chikho mpaka madzi atayamba kusonkhana pansi. Mkulu wa ulendo ndiye ankanena nthawi yomwa, chifukwa mnyamata wosazolowera akanatha chipanda chake chonse dzuwa lisanafike pamutu. Thengo linkathandiza mbali ina. Miyezi yozizira ndiyo nyengo ya masau ndi malambe, ndipo bwemba wonyika m'madzi ankadula ludzu. Wodziwa kufula njuchi kapena kutchera misampha ankalemekezeka m'gulu. Koma m'thengo lomwelo munalinso kashembe, njoka, njovu ndi mikango, ndipo nkhani za mikango yodya anthu pa njira za ku Halale zinkasimbidwa m'midzi yonse.

Kamba sankafika kumapeto kwa ulendo. Ufa ukatha, gulu linkaima pamudzi masiku awiri kapena atatu kugwira ganyu, kudula mitengo kapena kumanga nkhokwe, n'kulipidwa mapira kapena mawere. Ena ankasinthitsa fodya, mpeni kapena nsalu. Analipo amene anafika ku Mutoko atagulitsa ndi bulangete lomwe.

Kuwoloka Zambezi

Mlatho wa pa Tete unamalizidwa mu 1973, ndiye kuti onse amene tikuwanenawa anawoloka pa bwato. Eni mabwato, Anyungwe ndi Achikunda, ankafuna malipiro, ndipo mtengo unkakwera akaona kuti alendo alibe kothawira. Apa mkulu wa ulendo ankasonkhanitsa zimene aliyense anali nazo n'kukambirana mtengo umodzi wa gulu lonse, kuti wopanda kanthu asatsale kutsidya. Anthu a kumtunda, amene sanakwerepo bwato chibadwire, ankakhala pansi phee atatseka maso, akumva mvuu zikufwenkha ndi kuganiza za ng'ona.

Choopsa china chinali anthu. M'dziko la Apwitikizi, apolisi achikuda otchedwa asipayi ankatha kulanda katundu wa alendo kapena kuwagwira kuti akagwire ntchito yokakamiza. Kutsidya la Rhodesia kunali anthu olemba ntchito amene ankadikira pa madooko ndi pa mphambano, atanyamula chakudya ndi malonjezo, podziwa kuti munthu wanjala amavomera kontalakiti iliyonse. Chifukwa cha ichi magulu ambiri ankalambalala maboma ndi misewu ikuluikulu, ngakhale kuti kutero kunkatalikitsa njira ndi kuwalowetsa m'thengo la zilombo.

Pa chigono

Gulu linkayesetsa kufika pa chigono dzuwa lisanalowe. Pakakhala mudzi, akuluakulu awiri ankatsogola kukaomba m'manja kwa mfumu ndi kupempha malo. Mlendo ndi mame, ndipo midzi yambiri inkalandira alendowo pabwalo kapena m'mphala, ngakhale kuti midzi ya m'njira zodutsa anthu ochuluka inayamba kutopa nawo n'kumagulitsa chimene kale inkapereka chabe. Kukakhala kopanda mudzi, ankamanga msasa.

Aliyense ankadziwa ntchito yake popanda kuuzidwa. Anyamata ankathamangira madzi ndi nkhuni. A nkhwangwa ankadula minga yotchingira malo ogona. Wina ankakoleza moto, ndi machesi akakhalapo kapena popeka timitengo tiwiri. Wophika ankalandira ufa kuchokera m'thumba la aliyense mosinthana, poyeza ndi chikho chimodzi, ndipo nsima inkaphikidwa mumphika umodzi. Kwa ambiri ichi ndicho chinali chakudya chokhacho chophika cha tsikulo. Ndiwo zinali usipa wowerengeka, masamba a kuthengo, kapena madzi a mchere basi. Munthu amene thumba lake linatha ankadyabe, chifukwa aliyense ankadziwa kuti mawa likhoza kutha ndi lake. Wopezeka akudya mobisa ankachititsidwa manyazi amene ankamutsata mpaka kumudzi.

Atadya ankasamalana mapazi. Mnzako ndiye ankakuzula minga ndi kukutumbula matekenya pa kuwala kwa moto, chifukwa pansi pa phazi lako sungaonepo bwino wekha. Kenako mkulu wa ulendo ankafotokoza za mawa: mtunda wofika pa madzi, mudzi woyenera kuulambalala, ndi zoyankha akafunsidwa chitupa. Anyamata ankaphunzira mawu oyamba a Chilapalapa, chiyankhulo cha m'migodi ndi m'mafamu, kuti akafika asakaoneke achilendo. Panali nthano, nyimbo za kumudzi, ndi nyimbo za Mulungu kwa ophunzira ku Nkhoma, Livingstonia, Blantyre kapena Likoma. Pogona ankayandikana, mapazi kuloza kumoto, ndipo awiriawiri ankasinthana kulonda ndi kusonkhezera moto mpaka nthanda itatuluka. Kumene mikango inkabangula pafupi, ena ankachezera m'mitengo atadzimangirira ndi nsalu.

Wodwala ndi womwalira

Malungo, kamwazi ndi zilonda za kumiyendo zinkagwetsa anthu panjira. Wodwala ankayamba wapeputsidwa katundu, anzake n'kugawana phukusi lake. Akalephera kuyenda, ankamunyamula pa machila a bulangete ndi mtengo, kapena gulu lonse linkaima tsiku limodzi kapena awiri. Koma ufa sunkalola kudikira nthawi yaitali. Zikafika povuta ankamusiya m'manja mwa mfumu ya mudzi wapafupi pamodzi ndi mbale wake mmodzi ndi kandalama kochepa, kuti akachira adzatsate ndi gulu lina. Akuluakulu amene anatisimbira za ulendowu ankati akafika pa mbali imeneyi mawu awo ankatsika, ndipo ena ankasintha nkhani.

Munthu akamwalira, anzake ankakumba manda ndi nkhwangwa ndi ndodo m'mbali mwa njira, n'kuunjikapo miyala kapena minga poopa afisi. Mkulu wa ulendo ankasunga chitupa ndi katundu wa malemuyo, ndipo unali udindo wake kutumiza uthenga kumudzi kudzera mwa gulu loyamba lobwerera kwawo. Uthengawo unkatha miyezi. Pamene unasowa woutenga, banja linkakhala zaka osadziwa ngati mwana wawo anafera m'thengo la ku Tete kapena anangokhazikika ku Halale n'kukhala mtchona. Amayi ambiri anakalamba akusesa pakhomo pa nyumba ya munthu amene anaikidwa kale pansi pa mlambe.

Okumana nawo panjira

Njira inali ya mbali ziwiri. Opita ankakumana ndi obwerera, atasenza mabokosi a zovala, akukankha njinga, ena atanyamula makina osokera kapena galamafoni. Obwererawa ndiwo ankaopa achifwamba kwambiri, motero nawonso ankayenda m'magulu. Magulu awiri akakumana pa chigono chimodzi, usiku umenewo tulo tinkachepa. Opita ankafunsa kuti ndi mgodi uti umene uli ndi chakudya chokwanira, ndi bwana uti amene amamenya ndi chikoti, ndi famu iti imene imachedwetsa malipiro. Migodi ndi mabwana anali ndi mayina achinsinsi ofotokoza khalidwe lawo, ndipo dzina loipa linkatha kusowetsa mgodi antchito. Obwerera nawo ankafunsa za mvula, za maliro ndi za maukwati a kumudzi. Wodziwa kulemba ankalembera anzake makalata pa bondo, ndipo makalatawo ankapita kumudzi m'matumba a obwerera.

Atalowa mu Rhodesia, alendo ankayenera kulembetsa kuti alandire chitupa chofunira ntchito. Ambiri ankafika atawonda kwambiri, kotero kuti ankayamba agwira ntchito miyezi ingapo pa famu kapena pa mgodi waung'ono wa kufupi ndi malire kuti thupi libwerere, kenako n'kusunthira kummwera kumene kunali malipiro abwino. Amene mtima wawo unali ku Joni anali ndi makilomita ena oposa 1,000 patsogolo pawo, ndi mtsinje wa Limpopo woti awoloke mozemba.

Boma la Southern Rhodesia, pofuna antchito, linayamba kuika mabwato aulere ndi malo olandirira chakudya m'njira zikuluzikulu. Mu 1936 maboma a Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia anasainirana pangano la kayendedwe ka antchito, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 panayamba kuyenda malole onyamula anthu kwaulere, amene anadziwika ndi dzina lachichewa loti Ulere. M'zaka za m'ma 1950 Wenela inayamba kunyamula anthu pa ndege. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown ku Botswana n'kupha Amalawi 74 obwerera kwawo, ndipo boma la Malawi linaimitsa kulemba anthu a kumigodi. Masiku ano mabasi a ku Johannesburg amadutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, ndipo chigwa chimene agogo athu ankalimbana nacho kwa masiku ambiri, okwera basi amachidutsa m'maola ochepa.

Atatu amene mayina awo analembedwa

Mwa anthu zikwizikwi amene anayenda njirazi, ochepa okha ndiwo mbiri yawo inalembedwa. Clements Kadalie wa ku Chifira ku Nkhata Bay, wophunzira ku Livingstonia, anachoka kwawo mu 1915. Anagwirako ntchito ku Mozambique ndi ku migodi ya Rhodesia, kuphatikizapo Shamva, asanafike ku Cape Town mu 1918, kumene mu 1919 anayambitsa bungwe la antchito la Industrial and Commercial Workers' Union. Cha m'nyengo yomweyo mnyamata wa ku Kasungu, Hastings Kamuzu Banda, anayenda pansi mpaka ku Hartley, kumene lero ndi Chegutu, n'kugwira ntchito pa chipatala asanapitirire ku South Africa. Patapita zaka makumi atatu anali dokotala ku Harlesden, muno mu London momwe, kuyambira 1945 mpaka 1953.

Wachitatu analunjika kumpoto. Legson Kayira, wa kumpoto kwa Malawi, naye wophunzira ku Livingstonia, ananyamuka mu Okutobala 1958 wopanda nsapato, atanyamula chakudya cha masiku asanu, bulangete, kankhwangwa, Baibulo ndi buku la Pilgrim's Progress, cholinga chake chili kukafika ku Cairo ndi kupeza njira ya ku America kukaphunzira. Monga a ku Halale aja, ankaima m'njira kugwira ganyu kuti apeze chakudya. Ku Kampala anapeza dzina la Skagit Valley College m'buku la mulaibulale, analemba kalata, ndipo anamulandira. Anafika ku Khartoum mu 1960, ndipo chaka chisanathe anali ku America. Ulendowu anaulemba m'buku lake lotchedwa I Will Try la mu 1965. Pambuyo pake anaphunzira ku Cambridge, anakhazikika ku England, ndipo anamwalira mu London mu 2012. Ana athu akhoza kulipeza bukuli ndi kuyerekeza phukusi lake ndi zikwama zawo.

Chimene chinatsala ulendo utatha

Gulu la paulendo silinkabalalika likafika. Anthu amene anadyera mumphika umodzi kwa mwezi wathunthu ankafunirana ntchito ndi malo ogona. Mlendo wofika kumene ankafunsa kumene kuli a kwawo, ndipo ankadyetsedwa mpaka atalandira malipiro oyamba. Udindo uja wa mkulu wa ulendo, woika maliro mwaulemu ndi kutumiza uthenga kumudzi, unapitirira m'mabungwe a maliro amene anthu a ku Nyasaland anayambitsa ku Salisbury, ku Bulawayo ndi m'makomboni a migodi, kumene aliyense ankasonkha kangachepe mwezi ndi mwezi. Anapemphanso mbusa kumudzi, ndipo mu 1912 mishoni ya Dutch Reformed ya kwathu inatumiza T. C. B. Vlok ku Salisbury. Mpingo umenewo ndiwo unakula n'kukhala Sinodi ya Harare ya CCAP. Gule wamkulu ndi beni zinawoloka Zambezi pa mabwato omwewo, ndipo zikuvinidwabe ku Zimbabwe.

Ife tinabwera pa ndege, ndipo ulendo wathu unatha tsiku limodzi. Komabe tikayang'ana ntchito za bungwe lathu, tiona kuti ndi zomwe zija za pa chigono. Timalandira wofika kumene ndi kumuuza kumene angapeze nyumba ndi bwana woyenera kumupewa. Timasonkha mbale wathu akamwalira kuti thupi lake lipite kumudzi, ndipo timaimba foni kwa abale ake usiku womwewo. Chimene chikutidetsa nkhawa n'chakuti ena a ife akuyenda okha. Alipo abale muno mu Barking, ku Dagenham ndi ku Ilford amene sitiwaona pa misonkhano, amene ntchito za usiku ndi mavuto a mapepala zawatsekera m'nyumba, ndipo timamva za iwo zinthu zitavuta kale. Pa ulendo wa agogo athu pankakhala munthu wotsalira kumbuyo amene ntchito yake inali kuona kuti wina asatsale. Tikupempha membala aliyense kuti mwezi uno aimbire foni kapena achezere munthu mmodzi amene sanamuone kwa nthawi yaitali.

Tikupemphanso kuti pamene mukulankhula ndi akuluakulu a kumudzi, muwafunse za munthu wa m'banja mwanu amene anapita ku Halale kapena ku Joni: chaka chimene ananyamuka, amene anayenda nawo, pamene anawolokera Zambezi, ndiponso ngati anabwerera. Lembani zimene mwamva ndi kubwera nazo ku msonkhano wotsatira. Tidzaziika pamodzi pa mapu aakulu, ndipo tidzapempha mtsikana uja ndi anzake, amene aphunzira kuwerenga mapu ndi kampasi pa maulendo awo, kuti atiyezere makilomita amene agogo awo anayenda.